Chiwongolero cha Malemu Chimkwita

Inu mumati mizimu imayenda usiku wokha? Sendezani mipando kuno ndikuuzeni. Izi zinachitika masana, dzuwa likuswa mtengo, mwezi wa Okutobala, pa msewu wa tala womwewu mumadutsapo pa minibasi. Ndipo ndikamakamba nkhani imeneyi ndimapsa mtima, chifukwa pali anthu ena amene ngakhale atafa saleka kutuma anzawo.

Ku Kasungu kunali mayi wina dzina lake Esinala Namakhwa, kwawo ku Thyolo. Amuna ake, a Layisoni Chimkwita, ankagwira ntchito ku kampani ina yogulitsa mbewu. Kumapeto kwa mwezi uliwonse ankanyamuka pa kagalimoto kawo kobiriwira, ati kukapereka malipoti ku Blantyre, ndipo ankatha masiku anayi, mwina asanu. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ali m'banja, Esinala sanamvepo mbiri yoipa ya amuna akewo. Ankachita kudzitama nazo kwa amayi anzake kuti, "Anga aja? Akapita ku Blantyre ine ndimagona tulo tofa nato."

Tsono Esinala anali dalaivala weniweni, wa laisensi ya lole. Zaka zisanu ndi chimodzi anayendetsa lole ya kalabu ya amayi ogulitsa mtedza, osagundapo ngakhale nkhuku. Koma chiwongolero cha kagalimoto kobiriwira kaja sanachigwirepo n'kamodzi komwe. A Chimkwita ankati, "Iwe umathamanga. Galimoto yanga sidutsa sikisite."

Mu Juni a Chimkwita anagwa pabwalo akutsuka galimoto yomweyo, osadzukanso. Kuyambira tsiku limenelo galimoto inakana kulira. Anabwera amakaniko atatu, kusintha ichi, kupukuta icho, yonse ili chete.

Tsitsi litametedwa, achibale a mwamuna anayamba zawo zija, ati galimoto ndi ya kumtundu kwa a Chimkwita. Esinala anaimirira pakati pa anthu, chitenje atamanga m'chiuno.

"Mipando tengani. Njinga tengani. Koma galimoto iyi ikafika kwathu ku Thyolo ngakhale ndichite kuisenza pamutu. Ndikaimika pakhomo panga kuti aliyense wodutsa aziona kuti Esinala anali ndi mwamuna wolongosoka."

Analumbira anthu akumva, ndipo achibale aja anamusiya akung'ung'udza. Kampani itafuna nyumba yake imene ankakhalamo, Esinala anachita hayala lole ya matani atatu, yopanda dalaivala, poti sankakhulupiriranso munthu. Anapakira matiresi, mapoto, makina osokera ndi masutikesi. M'mawa kusanatenthe, makaniko wina wachikulire, a Mbendela, anabwera kudzalumikiza galimoto ija kumbuyo kwa lole ndi chitsulo chokokera.

"Mayi, mvetserani bwino," anatero a Mbendela. "Batire ndachotsa, lili mu lole. Giya ndamasula, handibuleki ndatsitsa. Koma kiyi musachotse ayi. Kiyi akachoka chiwongolero chimauma, ndiye pokhota galimoto imakana, mutha kugubuduzika nonse. Chiwongolero chikhale chomasuka mpaka mukafike. Ndipo musakwezemo munthu."

"Ndikwezemo ndani? Ndili ndekha ine."

A Mbendela anali atatsamira dzanja pa mpando wa dalaivala. Analichotsa msanga, n'kuliyang'ana.

"Mpandowu ukufunda bwanji, m'mawa wonse uno?"

"Ndi Okutobala, bambo. Tsekani chitseko ndizipita."

Ulendo unayamba bwino. Lole inali yamphamvu, msewu unali wopanda anthu ambiri, ndipo Esinala anayamba kuimba nyimbo ya kumvano chapansipansi. Atapitirira Mponela anaponda mafuta pang'ono. Kamuvi koonetsa liwiro katangodutsa pa sikisite, lole inachita ngati yagwidwa mchira. Esinala anagunda chifuwa pa chiwongolero, mapoto kumbuyo n'kulira kwekwerekwe! Atabwerera pa sikisite zonse zinakhala bwinobwino.

"A Mbendela, ntchito yanu ndi imeneyi?" anadandaula yekha. Anayesanso kachiwiri, anayesanso kachitatu. Ulendo uliwonse kamuvi kakadutsa sikisite, chinachake kumbuyo chinkakoka. Anaima pambali, n'kukasuzumira. Chitsulo chinali cholimba, handibuleki ili pansi. Koma atakhudza tayala lakutsogolo la kagalimoto kaja anabweza dzanja msanga, tayalalo linali lotentha ngati munthu wakhala akuponda mabuleki.

Anapitirira ndi sikisite yomweyo, mtima ukuwawa. Anadutsa mu Lilongwe, minibasi zikumuimbira mahutala. Kupitirira mzinda, pa chipata cha apolisi, wapolisi wina wamtali anamuimitsa. Anaona laisensi, anaona mapepala a lole, n'kumwetulira.

"Zonse zili bwino, mayi. Kungoti auzeni abambowo amange lamba. Ngakhale galimoto ikukokedwa, lamba ndi lamba."

"Abambo ati?"

"Ali m'galimoto yakumbuyowo. Avala kapusi ya khaki."

Esinala anatsegula chitseko. Anatsika, n'kutsagana ndi wapolisi uja. M'galimoto munalibe munthu. Koma pa mpando wa dalaivala panali kapusi ya khaki ya a Chimkwita, imene iye mwini anaipinda dzulo lake n'kuiika pansi penipeni pa sutikesi, sutikesiyo n'kuitsendereza ndi matiresi awiri. Ndipo pawindo pankatuluka fungo la mafuta a bulugamu amene malemu ankadzola pachifuwa.

Wapolisi anayang'ana mpando, anayang'ana Esinala, anayang'ananso mpando. Anamubwezera laisensi ndi manja awiri.

"Pitani, mayi. Pitani ndithu. Muyende bwino."

Munthu wina akanathawa n'kusiya zonse pomwepo. Koma Esinala mantha ake sankachedwa kusanduka ukali. Atakwera mu lole anayang'ana pa galasi loonera kumbuyo n'kuyamba kulankhula.

"A Chimkwita, ngati ndinu, tamverani. Ine ndikukupititsani kwathu mwaulemu. Ndakangana ndi alongo anu chifukwa cha inu. Ndiye muzindipondera mabuleki ngati ndine mwana wophunzira? Muli moyo munandikaniza chiwongolero, mwafa mukundikanizabe? Koma abale!"

Kagalimoto kankangotsatira, kakukhota bwinobwino m'makona a ku Dedza, mwaluso kuposa mmene chitsulo chokha chingakhotetsere.

Dzuwa lili pamutu anafika pa msika wina wa m'mbali mwa msewu, pamene amagulitsa mbatatesi ndi kabichi. Anaima kuti agule madzi akumwa. Pobwerera anapeza mayi wina wamalonda atatsegula chitseko chakumbuyo cha kagalimoto kaja, akukhuthulira ndowa ya mbatatesi m'thumba, uku akuseka.

"Bwana, mwasowatu! Miyezi inayi osaoneka, tinkati mwasamuka. Ndaika yaikuluikulu monga mwa masiku onse. Amayi akasangalala."

"Iwe, ukutani m'galimoto yanga?" anakuwa Esinala.

"Ndikuwaikira mbatatesi bwanawa. Andikodola okha pawindo."

"Amayi ake ati amene akasangalale?"

"Akazi awo. Mwezi uliwonse amawagulira, amati kunyumba ndi pafupi, ifika isanafote…"

Mayi uja anatembenuka kuti bwana amuvomereze. Anaona mpando wopanda munthu ndi kapusi ili phee. Kukamwa kunangoti yasa. Anabwerera chafutambuyo, anapunthwa pa mulu wa kabichi, kenako analiyatsa liwiro, ndowa n'kuisiya pomwepo.

Esinala anaima nji pakati pa fumbi. Zaka zonsezo a Chimkwita sanabweretsepo mbatatesi ku Kasungu, ngakhale imodzi yokazinga. Ankati zakudya za m'njira zimadetsa galimoto. Tsono kunyumba kwapafupi kumeneku ndi kuti? Anadziuza kuti wamalonda uja wasokoneza ndi munthu wina, magalimoto obiriwira ndi ambiri. Anamenyetsa chitseko n'kunyamuka, koma nyimbo ya kumvano ija inali itatha m'kamwa.

Atapitirira Ntcheu, dzuwa litapendeka, anaona chinthu pa galasi chimene chinamuimitsa tsitsi. Indiketa ya kumanzere ya kagalimoto kaja inali kuphethira. Phethi, phethi, phethi. Batire lili mu lole, pansi pa makina osokera! Kutsogolo kunali kamsewu kafumbi kolowera kumanzere, pafupi ndi mtengo wa mlambe. Dzina la malowo sinditchula, kuli anthu amoyo kumeneko.

"Ayi," anatero Esinala. "Ku Thyolo sitikhota apa. Ndinalumbira ine."

Anaponda mafuta kuti adutse. Lole inalira, inanjenjemera, n'kuyamba kukwawa ngati ikukoka phiri, chonsecho msewu uli see. Anatsitsa giya, anatsitsanso ina. Kumbuyo matayala a kagalimoto anali kukhwekhwereza pa tala, utsi wakuda uli tolotolo, fungo la mphira wopserera lili ponseponse. Atangopitirira mlambe uja pang'ono, lole inazima.

Anatsika mwaukali. Anapita pawindo la kagalimoto, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anawatchula dzina amuna ake.

"Iwe Layisoni! Ukufuna chiyani kwa ine? Ndinakudwazika chifuwa chako zaka zonse, ndinakulira mpaka mawu kutha, ndikuvalabe zakuda kutentha konseku. Wandichititsa manyazi kwa apolisi, wandichititsa manyazi pamsika. Kulowera uku kuli chiyani?"

Chiwongolero chinayenda chokha pang'onopang'ono, kuloza kumanzere, n'kuima. Indiketa ili phethi, phethi.

Esinala anayang'ana dzuwa. Kukoka galimoto yopanda magetsi mdima utagwa n'kufuna imfa, ndipo ku Thyolo kunali kudakali kutali. Kuisiya pamsewu sakanatha, alamu ake akanaseka mpaka kugwa. Anakukuta mano.

"Chabwino. Tiyeni mukandionetse. Koma tikatero tikupita ku Thyolo."

Analiza lole, anabwerera m'mbuyo movutikira, n'kukhotera kumanzere. Abale inu, katundu yense anapepuka! Kagalimoto kanayamba kuchita kukankha lole, ngati ng'ombe yanunkhiza khola. Pamphambano iliyonse indiketa inkamuuza kolowera. Anthu a m'njira ankakweza manja, osati kwa iye ayi, koma kwa wakumbuyoyo. Bambo wina wa panjinga anavula chipewa n'kufuula kuti, "Mwafika, alamu!"

Anafika pa nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, ya chitseko cha buluu. Pambali pake panali chisakasa cha udzu, chosesedwa bwino, pansi pali tinjira tiwiri ta matayala ndi banga lakuda la oilo. Hutala ya kagalimoto inalira kawiri, pii pii, mmene inkalirira a Chimkwita akafika pa geti ku Kasungu.

Kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi ziwiri kanatuluka kakuthamanga. "Ababa abwera! Ababa abwera!" Makutu ake anali otambalala ngati a Chimkwita, osachita kufunsa. Kataona Esinala akutsika mu lole, kanaima. Kanamuyang'ana nkhope, kenako kanakuwa mawu oboola m'makutu.

"Amayi! Mzukwa! Mzukwa wa pakhoma uja!"

Kuseri kwa nyumba kunatuluka mayi wa zaka ngati makumi atatu ndi zisanu, lichero la mpunga lili m'manja. Ameneyu anali Nagama, mwini nyumbayo. Ataona Esinala, lichero linagwa, mpunga mbwee.

"Esinala, thawira m'nyumba!" anafuula Nagama.

"Ndithawire m'nyumba ya yani?" anayankha Esinala. "Ndipo dzina langa walidziwa bwanji?"

"Sindikunena inu… ndikunena mwanayu." Nagama anagwada, manja ali m'mwamba. "Pepani, amayi, pepani! Bwererani kumene mwachokera. Sitinakulakwireni ife. Chaka chilichonse timakukumbukirani, timapha nkhuku, timakupemphererani. Mwanayu tinamutcha dzina lanu kuti mzimu wanu uuse mumtendere."

"Mzimu wa yani?"

"Wanu. Si munamwalira zaka khumi zapitazo, ndi nthenda ya shuga? Abambo ake a mwanayu anandiuza okha akulira."

Esinala anamukankhira pambali n'kulowa m'nyumba. Pabalaza, pamwamba pa wailesi, panali chithunzi chake. Chithunzi chimene anajambulitsa atavala zoyera za kumvano, chimene chinasowa m'nyumba ku Kasungu, mpaka iye anachotsa wantchito pomuganizira kuti waba chifukwa cha felemu. Chinali chitazunguliridwa ndi maluwa apulasitiki, ndipo pansi pake panali mawu olembedwa ndi dzanja la a Chimkwita, akuti Usa mumtendere mkazi wanga wokondedwa.

Ha! Mwamuna kukhala ndi mkazi wina, zimenezo dziko linazolowera, ngakhale n'zonyansa. Koma kupha mkazi wako ndi pakamwa, iye ali moyo, akukuchapira malaya, akukupakira kamba wa paulendo? Kumamudyera nkhuku ya chikumbutso chaka ndi chaka, n'kubwerera kukagona naye bedi limodzi? Ine zimenezi zimandinyansa mpaka lero.

Esinala anatuluka chithunzi chili m'manja. Nagama anali chigwadire.

"Dzuka iwe. Ndigwire dzanja. Ndigwire! Mzukwa umatuluka thukuta chonchi? Unamvapo mzukwa wochita hayala lole?"

Nagama anakhudza dzanja lija ndi chala chimodzi, kenako ndi dzanja lonse. Linali lofunda, lamoyo. Anayang'ana kagalimoto kaja, anayang'ana zovala zakuda za Esinala, ndipo nkhope yake inasintha.

"Nanga iwo ali kuti? Anachoka kumapeto kwa Meyi, ati abwera mwezi wamawa. Foni yawo sikugwira. Ndimasesa chisakasa ichi tsiku lililonse. Ku Kasungu sindidziwako munthu, ankati abale awo ndi ovuta, ndisamapiteko."

Apa m'pamene Esinala anazindikira chimene anamukokera kuno. Mayi uyu sankadziwa. Palibe anamuuza, poti palibe ankadziwa kuti aliko. Esinala anatembenukira ku galimoto, mawu akutuluka ngati akulavula.

"Ndiye wandituma? Iwe Layisoni, wandituma ine? Ine amene unandiika m'manda ndili moyo, ndidzanene uthenga wa maliro ako kwa mkazi mnzanga? Ulibe manyazi ngakhale kumandako?"

Indiketa inali itazima.

Esinala anafuna kukwera lole n'kumusiya mayi uja adzimvere yekha. Koma uthenga wa maliro sanena choimirira, ndipo sanenera pamsewu ngati malonda. Amene analakwa sanali Nagama. Anapuma mwamphamvu, n'kunena kuti, "Tenga mphasa. Mwanayu apite kwa anansi."

Anakhala pansi awiriwo, pakhonde. Esinala anafotokoza zonse mwadongosolo: tsiku, mmene anagwera, kumene anaikidwa, nyimbo imene anaimba kumanda. Nagama analira mogubuduzika, anansi n'kuyamba kusonkhana. Esinala sanalire nawo. Misozi yake anali ataitaya kale mu Juni, pa munthu amene ankayesa kuti akumudziwa.

Kulira kutachepa anaimirira, anatenga sipanala mu lole, n'kumasula chitsulo chokokera. Anthu onse akuona, kagalimoto kaja kanayenda kokha pang'onopang'ono, pamalo opanda chitsikiro, kanakhota, n'kukalowa m'chisakasa, matayala ali ndendende m'tinjira tija. Amayi ena anathawa, abambo anavula zipewa.

Esinala anaganiza za lumbiro lake, za alamu ake, za pakhomo pake ku Thyolo pamene anati adzaimika chikumbutso cha mwamuna wolongosoka. Analavula pansi. Anapita pawindo, anapisa dzanja mkati. Mpweya wa m'menemo unali wofunda, wonunkha bulugamu, ndipo anamva ngati zala zikumugwira pamkono. Anazikutumula. Anazula kiyi, n'kupotoza chiwongolero mpaka chinati khethe, n'kuuma. Ndiko kanali koyamba ndi komaliza kuchigwira chiwongolero chimenecho.

"Mwafika, a Chimkwita. Khalani."

Nagama anamutsatira mpaka pa lole, akupukuta misozi.

"Amayi, galimoto mwatisiyira, zikomo. Nanga kiyi?"

Esinala anaika chithunzi chake pa mpando wa pambali, atachotsa maluwa apulasitiki aja. Anamuyang'ana Nagama kuchokera pamwamba.

"Mwana wanga, ukamusiyira kiyi ameneyu, mawa udzadzuka chisakasa chili chopanda kanthu. Udzamva kuti ali ku Balaka, pakhomo pena. Ndipo ukadzalowa m'nyumba imeneyo, usadzadabwe kupeza chithunzi chako pakhoma."

Nagama anayang'ana chisakasa chija nthawi yaitali, ndipo za kiyi sanafunsenso.

Lole itayamba kuyenda, hutala inalira m'chisakasa muja, yaitali, yaukali, yosalekeza, agalu a m'mudzi monse n'kuyamba kuuwa. Esinala sanacheuke. Atafika pa tala anaponda mafuta. Kamuvi kanadutsa sikisite, kanafika sevente, kanafika eyite, popanda womugwira mchira. Pa mlatho wa Shire anatsitsa windo n'kuponya kiyi m'madzi. Ku Thyolo anafika nkhuku zitangolowa, ndipo abale ake atafunsa za galimoto imene analumbirira ija, anangoti, "Mwini wake anatsika m'njira."

Kagalimoto kaja kadakali pomwepo mpaka lero, matayala anaphwa, udzu unamera. Nkhuku sizilowa pansi pake ngakhale kugwe mvula ya matalala. Oyandikana nawo amati mwezi ukamatha, masana ndithu, mumamveka chiwongolero chikuti khethe, khethe, wina akuyesa kuchipotoza. Ndiyetu azipotoza. Ine nkhani yanga yathera pamenepo, sonkhezerani moto.